Ndasintha batire manje Allion ikuzima ndikaima, kodi kompyuta yafufutika?

Uthenga uwu wachokera kwa bambo wina woyendetsa takisi ku Kapata, ndaudula pang'ono:

"Amakanika, ndili ndi Toyota Allion ya 2008, injini 1NZ, ndimanyamula anthu muno mu Chipata, kupita ku Mwami, nthawi zina mpaka ku Katete. Sabata yatha batire inatopa ndinagula yatsopano, mnyamata wa pashopu ndi amene anachotsa yakale nkumanga inayo. Chichokereni pamenepo motoka ikumanjenjemera ndikaima, pa mahampu ikumafuna kuzima, ndipo kawiri yazima ndithu nditayatsa eyakoni. Mafuta ngati ikumwa kwambiri, mawindo sakukwera okha, wailesi ikungolemba za chi Japan. Anzanga pa renki akuti kompyuta yafufutika pulogalamu ndipite nayo ku Lusaka, wina akuti ndingogula bokosi lina. Check engine inali yoyaka kale koma manje yazima yokha. Ndichite bwanji?"

Bambo, mtima pansi. Ndalama ya bokosi, kompyuta ya injini ija, isungeni, ndipo mafuta a ku Lusaka musathire. Motoka imene kompyuta yake yatayadi pulogalamu siilira nkomwe, simukanafika nayo ngakhale pa geti. Yanuyo ikulira, ikuyenda, ikunyamula anthu, ndiye kuti bokosi ndi lamoyo. Zomwe mwalembazi timaziona kawirikawiri pa ma Toyota a mtundu umenewu batire ikangochotsedwa, ndipo zambiri zimatha zokha kapena ndi kantchito kochepa.

Mkati mwa kompyuta ya injini muli zinthu ziwiri zosiyana zomwe anthu pa renki amaziphatikiza. Choyamba ndi pulogalamu yeniyeni imene anaika ku fakitale, yomwe imanena kuti injini iyi ikamazungulira mwakuti ipatsidwe petulo wochuluka mwakuti, moto wa mapulagi uwombe nthawi yakuti. Imeneyi inalembedwa mu memory yosafuna magetsi kuti isunge, ngati mmene zimakhalira ndi flash kapena memory card ya foni. Mutha kuchotsa batire chaka chonse motoka ili pa mawe, mukadzabweza pulogalamu ili pomwepo. Manambala a makiyi anu nawo ali mmalo otere, chimodzimodzi makilomita a pa dashibodi, ndipo kwa amene ali ndi Hilux ya dizilo ya 1KD kapena 2KD makodi a mainjekita sachoka ndi batire.

Chachiwiri ndi zomwe kompyuta yaphunzira yokha pa injini yanuyo motoka ikuyenda. Izi pa mamotoka ambiri, makamaka a zaka ngati yanu, zimakhala mu memory yodalira kamagetsi kochepa kochoka ku batire usana ndi usiku ngakhale kiyi ili mthumba. Mukamasula thamino kamagetsi kaja kaduka, pakapita kanthawi kochepa zonse zapita. Zili ngati mayi amene waphika nsima zaka zambiri ndi ufa wa chigayo chimodzi pa mbaula imodzi, dzanja linazolowera kuti apa ndithire madzi ochuluka pang'ono, apa moto umachedwa. Kaphikidwe sangaiwale, koma mutamuchotsera kuzolowera kuja nsima ya masiku oyamba ituluka mwina yolimba mwina yofewa mpaka dzanja libwerere.

Nanga imaphunzira chani? Injini ya petulo imafuna mpweya magawo pafupifupi 14.7 pa gawo limodzi la petulo. Ku ekizozi kuli sensa imene imanunkhiza utsi nkuuza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa, kompyuta nkumakonza pang'onopang'ono. Injini ikamakalamba mainjekita amada, sensa ya mpweya imagwira fumbi, mapaipi a labala amayamba kuba mpweya, pampu ya petulo imafooka, ndiye kompyuta imasunga kuti pa injini iyi ndiziwonjezera mwachitsanzo 8 peresenti pamwamba pa zomwe buku likunena. Pa makina a diagnosis, omwe timawerengera kompyuta ya motoka, timaziona zikulembedwa kuti long term fuel trim. Batire ikachoka nambala ija imabwerera pa 0, kompyuta ikuyesa injini ya 2008 ngati yangotuluka kumene mufakitale ku Japan. Mpake kuti masiku oyamba muone ngati ikumwa kwambiri kapena ikuzengereza mukaponda. Komabe za mafutazi musaweruze ndi maso pa geji tsiku limodzi, dzazani tanki muyende, mudzazenso muwerengere makilomita, chifukwa munthu akakhala ndi nkhawa ndi motoka geji imaoneka ngati ikuthamanga.

Koma nkhani yanu yaikulu, ya kunjenjemera ndi kuzima mukaima, ndikuika dala chala pa throttle body, polowera mpweya ku injini. Allion ya 2008 ilibe kebulo yochoka pa phazi kupita ku injini, mukaponda ndi kompyuta imene imatsegula kachitseko ka mpweya ndi kamota. Motoka ikaima injini ikulira, kachitseko kaja kamangotseguka pang'ono zedi, kampata kake kochepa kwambiri. Manje taganizani fumbi la kuno, lofiira lija la mu Ogasiti mpaka Okutobala, misewu ya mmakomboni, ya ku Chadiza, likalowa nkukumana ndi nthunzi ya oyilo yochoka mu injini limapanga phala lakuda lomata mmbali mwa kachitseko. Phala lija limakula mwezi ndi mwezi, kampata kakucheperachepera, ndipo kompyuta imakhala ikutsegula mowonjezera pang'onopang'ono kuti injini isazime, inu osadziwa kanthu. Tsiku lochotsa batire imaiwala kuwonjezera konse kuja, itsegula kachitseko pa mlingo wa throttle yoyera, koma throttle yanu ndi yakuda bii. Mpweya wachepa, muvi wa rev ugwa pansi pa 600, ndiye mukayatsa eyakoni kompresa ikoka mphamvu, injini thii. Ukamasula paipi yaikulu ya mpweya pa motoka yotere nkupisa chala chokulunga nsalu kuseri kwa kachitseko, nsalu imatuluka ngati wapukuta mphika wa pa nkhuni, ndipo pamakhala kamzere kakuda kozungulira pomwe kachitseko kamagona.

Ndiye vuto silinabwere ndi batire yatsopano kapena mnyamata wa pashopu uja, linalipo kale, kompyuta inangolibisa.

Zoyamba kuchita sizifuna ndalama. Onani kaye mathamino ngati ndi omangika, mugwire ndi dzanja muyese kupotokola, ngati ikuzungulira imangeni bwino ndi sipanala ya 10, osati kukhomerera msomali kapena kachitsulo ka chitini pakati monga ndimaonera pa matakisi ambiri. Thamino yogwedera imadula magetsi pa hampu iliyonse, ndipo motoka yotere imakhala ikuiwala tsiku ndi tsiku. Kenako tsegulani kiyi pa ON osaliza, mudikire masekondi angapo, mulize. Isiyeni itenthe mpaka muvi wa tempirecha ufike pomwe umakhala masiku onse kapena fani izungulire, zonse zili zozima, eyakoni, magetsi, wailesi, giya ili pa P, phazi kutali ndi accelerator. Ikhale choncho mphindi ngati 10. Mukatero yatsani eyakoni ikhalenso mphindi zingapo, kenako ponderani buleki muike pa D muime pomwepo kanthawi. Mukatha apo yendani nayo mosakaniza, mutauni moimaima komanso pa Great East Road pomwe mungakoke bwino. Ulendo umodzi wa ku Katete ndi kubwerera, kuphatikiza masiku awiri atatu a mutauni, nthawi zambiri umakwana kuti kompyuta ibwezeretse zomwe inataya.

Ine ndikanakonda muitsukitse throttle ngakhale itasiya kuzima yokha, chifukwa ikasiya ndiye kuti kompyuta yangophunziranso kubisa litsiro lomwelo, ndipo tsiku lina batire ikadzachokanso mudzayambira pomwepa. Kutsuka kwake si kovuta koma kumafuna dzanja lofatsa. Kiyi ikhale yozima, mankhwala otsukira throttle kapena carburettor athiridwe pa nsalu, osapopera ngati mukuthirira dimba chifukwa akalowa ku kamota ndi ku sensa ya pambali amaononga. Kachitseko kakankhidwe pang'onopang'ono, osakamenyetsa, muli timagiya ta pulasitiki. Musadabwe mukatsuka kuona rev yakwera kuposa 1,000, izo zimachitika kompyuta ikakhala kuti inaphunziranso throttle yakuda manje yapeza yoyera, ndipo apa mpomwe kuchotsa negativi mphindi zochepa mwadala kumathandiza pa Toyota kuti iyambe kuphunzira pa chinthu choyera. Muone ndi air cleaner yomwe. Chizolowezi chopopa ndi kompresa chaka ndi chaka mpaka pepala libooke ndi chomwe chimalowetsa fumbi lonseli. Sensa ya mpweya yomwe ili pafupi ndi air cleaner ili ndi kawaya kopyapyala mkati, isakhudzidwe ndi chala kapena ndi waya, ili ndi mankhwala akeake.

Amene muli ndi mitundu ina mukuwerenga, si onse amaphunzira okha mosavuta ngati Toyota. Honda Fit imafuna kuti itenthe mpaka fani izungulire kenako isiyidwe ikulira yokha mphindi zingapo popanda choyatsa chilichonse. Nissan, monga Note, Tiida ndi X-Trail, ukatsuka throttle kapena kuzula pulagi yake nthawi zambiri imakwera rev nkukana kutsika mpaka uiphunzitse ndi makina kapena ndi njira ija yoponda accelerator mowerenga masekondi, yomwe ukaphonya pang'ono uyambirenso. VW Golf ndi Polo zimafuna makina kuti throttle igwirizanenso ndi kompyuta. BMW zambiri za zaka zino ukaika batire yatsopano umayenera kuiuza kompyuta kuti batire yasintha, apo ayi imapitiriza kutchaja ngati ikutchaja yakale ija ndipo yatsopanoyo siikhalitsa. Mamotoka ozima okha ukaima, ngati Mazda ya i-stop, amafuna batire ya mtundu wake monga Q-85, ukaika wamba imatopa msanga ndipo kuzima kokha kuja kumasiya kugwira. A Land Cruiser ya 1HZ ndi Hilux yakale ya 3L inu nkhaniyi sikukukhudzani, pampu yanu ilibe kompyuta yoti iiwale kanthu.

Giya nayo mwina muimva mosiyana pang'ono masiku oyamba, kukoka mochedwa kapena kugwedeza pochoka, chifukwa injini ikakhala yosakhazikika giya yanu ya otomatiki, ya CVT, nayo siimva bwino, ndipo pa mamotoka ena kompyuta ya giya imakhala ndi zake zomwe inazolowera. Zikapitirira sabata osasintha musanamizire batire, akaone oyilo wa giya.

Manje za check engine, apa ndipomwe sindikusangalala nanu. Mwalemba ngati nkhani yabwino kuti inali yoyaka manje yazima, koma motoka siinachire. Nyali ija ikayaka kompyuta imakhala yasunga khodi yonena chomwe yaona, mwachitsanzo P0171 kutanthauza kuti mpweya wachuluka petulo wachepa, kapena P0300 kutanthauza kuti injini ikuphonya moto, kapena P0420 yokhudza catalytic converter yoyeretsa utsi ku ekizozi, ndipo imasunganso mmene injini inalili pa nthawi yomwe vuto linachitika, rev, kutentha, liwiro. Kuchotsa batire kwafufuta zonsezo. Ife amakanika chimenecho ndi chomwe timayambira, manje chapita, tiyenera kudikira kuti vuto lidzionetsenso. Mavuto ambiri kompyuta imafuna iwaone pa maulendo awiri otsatizana isanayatse nyali, ena amatenga masiku, ndiye yembekezani kuti iyakanso. Ikayaka musachotse thamino kuti izime, pitani nayo ikadali yoyaka akaike makina pa soketi ya mapini 16 ili pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, mulembe khodiyo papepala musanalole aliyense kufufuta. Ndipo nkutheka kuti chomwe chinayatsa nyali chija chikuthandizira kuzimaku, ngati panali paipi yoba mpweya kompyuta inali ikuwonjezera petulo wambiri kuti ibise, manje yaiwala. Timakina totchipa tolumikiza ku foni nthawi zina timakana kulankhula ndi mamotoka ena opangidwira msika wa ku Japan, ndiye kakakana musathamangire kunena kuti bokosi lafa, pezani wa makina enieni, muno mu Chipata alipo.

Pomwepa ndichenjeze ogula mamotoka kwa anthu. Ogulitsa ena amachotsa thamino mmawa wa tsiku lomwe mukubwera kudzaona kuti dashibodi ikhale yoyera. Mukapeza wotchi ya motoka yasokonekera, trip ili pa 0, mawindo sakukwera okha, funsani kuti batire inachotsedwa liti ndipo chifukwa chani. Makina a diagnosis amaonetsanso ngati kompyuta siinamalize kudziyeza yokha chichokereni pomwe inafufutidwa.

Mawindo ndi nkhani ya mphindi imodzi. Kiyi pa ON, tsitsani galasi mpaka pansi, kwezani mpaka litseke ndipo mupitirize kugwira switch mmwamba masekondi awiri atatu litatseka kale. Chitani zimenezo pa chitseko chilichonse ndi switch ya pa chitseko chomwecho. A Noah ndi Voxy a zitseko zotseguka zokha, nthawi zambiri kutseka chitseko ndi manja mpaka chigwire bwino kumabwezeretsa.

Wailesi ndiye imapweteka mutu, ndipo apa anzanu aja akanati pulogalamu yachoka ndikanawavomera pang'ono. Mawailesi ambiri a skirini obwera ndi mamotoka a ku Japan amatenga pulogalamu yawo pa map disc kapena SD card nthawi iliyonse magetsi akaduka. Ngati diski kapena khadi ija inachotsedwa motoka isanakwere sitima, kapena inasowa panjira pochoka ku Dar es Salaam, wailesi imagwira bwinobwino zaka mpaka tsiku loyamba batire kuchoka, basi nkuyamba kulemba za chi Japan kupempha diski. Ena amapempha password yomwe mwini wake woyamba ku Japan anaika. Jambulani skirini ndi foni, muonenso nambala ya mtundu wa wailesi yomwe imalembedwa pamaso pake, mupite nazo kwa anyamata okonza mawailesi a mamotoka. A password amatsegulidwa ndi khodi yopezedwa kuchokera ku nambala yotchedwa ERC yomwe wailesi imaonetsa ukalowa mu menyu yobisika, a diski amafuna diski kapena khadi yogwirizana ndi mtundu umenewo. Zikavuta ambiri amangoika wailesi ina. Chachikulu dziwani kuti wailesi ndi kompyuta ya injini ndi zinthu zosiyana, kukana kwa wailesi sikukhudza kayendedwe ka injini.

Tsopano zomwe zimaphadi bokosi, chifukwa mabokosi akupsa ndimawaona ndithu, koma sapsa chifukwa choti batire inachotsedwa motoka ili yozima. Choyamba ndi chizolowezi chija chozula thamino injini ikulira kuti aone ngati olutaneta ikutchaja, akuti ikazima ndiye kuti siikutchaja. Zimenezo zinali za nthawi ya ma carburettor, ndipo ngakhale pamenepo sizinali zabwino. Batire imagwira ntchito yomeza magetsi owonjezera ochoka ku olutaneta, mukaichotsa mwadzidzidzi magetsi amalumpha kupitirira kutali 14 volts kwa kamphindi, ndipo kamphindi kameneko nkokwanira kuwotcha bokosi, dashibodi kapena olutaneta yomweyo. Mchimwene wake wa chizolowezi chimenechi ndi uja wobwereka batire ya mnzako, kuliza, kenako kuichotsa injini ikulira nkubweza yako yakufa. Pa renki zimachitika mmawa uliwonse nthawi yozizira ya Juni ndi Julaye, ndipo anthu amati takhala tikuchita palibe chinachitika, inde, mpaka tsiku lomwe chichitike. Olutaneta imayezedwa ndi mita, ndipo mita ya magetsi ndi yotchipa kuyerekeza ndi bokosi. Batire yodzaza motoka itazima kwa maola angapo imaonetsa pafupifupi 12.6, ikakhala pa 12.2 ili pakati, pansi pa 12 yatha. Injini ikulira muone pakati pa 13.5 ndi 14.5 kapena pamwamba pang'ono, ngakhale ma Toyota ena amatsitsa ndi kukweza dala kuti asunge mafuta. Pa nthawi yoliza isagwe pansi pa 9.6. Inu bambo muyezetse zimenezi sabata ino, chifukwa simunandiuze chomwe chinapha batire yakale, ngati inangokalamba zili bwino, koma ngati ndi olutaneta kapena pali chomwe chikuba magetsi usiku monga alamu, tracker kapena amplifaya yomangidwa molakwika, yatsopanoyi nayo ipita. Motoka ikazima nkugona bwino siyenera kukoka kupitirira ma milliamp 50 kapena pafupi pamenepo.

Chachiwiri ndi kusemphanitsa positivi ndi negativi. Mabatire a mamotoka a ku Japan ali ndi chilembo kumapeto, L kapena R, monga 46B24L ndi 46B24R, kukula kofanana koma mitu ili mbali zosiyana. Munthu agula ya R pomwe pamafunika L, mawaya sakufika, aitembenuza mumdima, phethi. Mukachita mwayi imapsa fyuzi yaikulu ya mu bokosi la mafyuzi la ku injini, mukapanda mwayi olutaneta ndi kompyuta zapita limodzi. Chimodzimodzi pojampisa, ndipo musalole kujampisidwa ndi thiraki ya 24 volts ngakhale mutakhala pakati pa tchire ku Luangwa. Chachitatu ndi kuwotcherera, mukapita kokawotcherera ekizozi kapena bampa chotsani negativi kaye, ndipo earth ya makina awo aimange pafupi ndi pomwe akuwotcherapo. Apa kuiwala kwa kompyuta ndi mtengo wochepa woti mulipire. Chachinayi ndi madzi, kutsuka injini ndi paipi yamphamvu kapena kuwoloka madzi akuya nthawi ya dzinja.

Pochotsa batire dongosolo ndi ili, kiyi izime ichoke, ndipo musaisiye mkati chifukwa mamotoka ena amadzikiya okha magetsi akabwerera. Yambani ndi negativi, kenako positivi, pobweza yambani ndi positivi mumalize ndi negativi. Chifukwa chake nchakuti thupi lonse la motoka ndi negativi, ndiye mukayamba kumasula positivi sipanala ikagunda chitsulo chilichonse ndi moto, ndipo batire imatulutsa mpweya woyaka, fodya akhale kutali. Ngati mukufuna kugwira chiwongolero kapena mawaya achikasu a airbag, dikirani masekondi 90 mutachotsa negativi, ndi zomwe Toyota imanena. A Aqua, Prius ndi Fit hybrid, batire yaing'ono ya 12 volts mutha kusintha mwa njira yomweyi, koma mawaya okhuthala a mtundu wa olenji musawayandikire, amenewo ndi magetsi opha munthu.

Mukafuna kuti kompyuta ndi wailesi zisaiwale posintha batire, pali kachipangizo kotchedwa memory saver komwe amalumikiza ku soketi ya diagnosis ija ndi batire ina yaing'ono, kamagetsi kamapitirira kulowa pomwe yaikulu yachoka. Amagetsi a mamotoka ena amangogwiritsa batire ina ndi mawaya ojampisira. Zimagwira, koma kumbukirani kuti thamino ya positivi imakhala ndi moto nthawi yonseyo, ikulungidwe ndi nsalu kapena labala isagunde thupi. Kwa ine chinthuchi nchofunika kwambiri pa motoka yokhala ndi wailesi ya diski yosowa ija. Pa injini yokha yosamalidwa bwino kuiwala sikuvuta kwenikweni, throttle ikakhala yoyera ambiri sazindikira nkomwe kuti batire inachoka.

Ena amachotsa batire usiku uliwonse kuopa akuba, ena nthawi ya load shedding amaitenga kukayatsira TV ndi kutchajira mafoni mnyumba. Za akuba ndikumvetsa, ngakhale loko wa bonet kapena kachitsulo kokiyira batire ndi bwino kuposa kumasula tsiku ndi tsiku, chifukwa motoka yotere siimaliza kuphunzira, mathamino amakula nkuyamba kugwedera, ndipo check engine imafufutika isanakuuzeni kanthu. Za TV zo ayi, batire ya motoka inapangidwa kuti ipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa nkudzazidwanso pomwepo, mukamaikhetsa mpaka pansi usiku ndi usiku siikhalitsa, gulani ya sola.

Pali zizindikiro zomwe mukaziona musadikire masiku aja ndanena. Ngati mutsegula kiyi pa ON nyali ya check engine osayaka ngakhale pang'ono ndipo sitata ikuzungulira koma injini osagwira, kompyuta siikulandira magetsi, ayambe kuona mafyuzi a EFI ndi fyuzi yaikulu ija asanatchule za bokosi. Ngati kanyali ka security kakuthwanima kiyi ili pa ON ndipo motoka ikukana kulira, ndi nkhani ya kiyi ndi immobiliser, chotsekera injini kuti isalire ndi kiyi yachilendo, imafuna wamagetsi wodziwa. Ngati mukuponda koma motoka ikungokwawa nyali itayaka, kapena check engine ikuthwanima injini ikudumphadumpha, kapena nyali ya batire, ya oyilo kapena ya airbag yakhala yoyaka, kapena mukumva fungo la waya wopsa, imikani. Ndipo kuzima kwanuko ngati kukuchitika motoka ikuyenda osati poima pokha, musanyamule anthu mpaka itakonzedwa, chifukwa injini ikazima buleki imalimba mukaponda kawiri katatu ndipo chiwongolero chimatha kulemera, pa zitunda za kuno kapena zokhotakhota za ku Luangwa si zoseweretsa. Pakali pano mutauni yendani eyakoni ili yozima mpaka throttle itsukidwe.

Wina akakuuzani kuti bokosi lafa, mufunseni akuonetseni pa makina kuti likukana kulankhula pomwe magetsi ndi earth zikufika pa mapini ake. Bokosi la kaunjika liyenera kukhala la nambala yofanana ndendende ndi lanu, ndipo ngati motoka ili ndi immobiliser silingalire mpaka aligwirizanitse ndi makiyi anu, ndiye mtengo wake suthera pa kugula pokha. Mukatsukitsa throttle nkuyenda ulendo wa ku Katete uja, check engine ikabwerera nditumizireni khodi yake pamodzi ndi nambala ya long term fuel trim injini ili yotentha, ikakhala yopitirira 10 peresenti tidzayamba kusaka paipi yoba mpweya ndi kuyeza pampu ya petulo.